A Nambewe ndi Mbiya ya Mchombo

Dzulo pa wailesi ananena kuti chisanu choyamba chigwa sabata ino, ndipo ndinangozindikira ndikutukwana ndekha pa chiwongolero cha basi, gogo wina wachizungu akundiyang'ana pagalasi. Chatha chaka chimwalirireni apongozi anga, a Nambewe. Kutchalitchi akonza zowakumbukira Lamulungu likubwerali, ndipo andipempha kuti ndikanenepo mawu. Ndakana. Ndikudziwa zimene akufuna kumva: kuti anali mayi ofatsa, okonda mtendere, osadziwa kuyankha munthu. Bodza limenelo akanene ena. A Nambewe anali munthu wouma mutu kuposa aliyense amene ndinakhalapo naye nyumba imodzi, ndipo inenso pa kuuma mutu sindine mwana. Ndiye ndilemba pano, pomwe palibe abusa ondikoka jekete.

Tinakhala nawo zaka zisanu m'kanyumba ka lendi kuno ku Middlesbrough. Pa zaka zonsezo anandilankhula maso ndi maso kamodzi kokha.

Kwawo ndi ku Tsangano, ku Ntcheu, ndipo pabanja pawo mkamwini ndi mpongozi amaopana zenizeni. Sadyera pamodzi, sakhala chipinda chimodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kumudzi zimatheka, poti tchire lilipo. Nanga m'nyumba za kuno, zolumikizana ngati mabogi a sitima, kanjira ka m'kati koti anthu awiri sangapambanane osagundana mapewa? Masitepe amodzi, bafa limodzi. Ine ndinakulira ku Ndirande, kumene apongozi amakhoza kukupempha fodya. A Nambewe anabwera pamene mkazi wanga Esinati anali wotopa ndi pakati, kudzathandiza kulera, poti iye ndi nesi ndipo mashifiti ake sasiyanitsa usana ndi usiku. Tsiku lomwe anafika ndinamuuza Esinati kuti, "Uwauze amayi akowa kuti kuno ndi ku Mangalande, zoopanazo akanazisiya pabwalo la ndege."

"Kawauzeni nokha," anatero, n'kuseka, podziwa kuti sindingathe.

Kumudzi nkhani yotere imatha ndi nkhuku. Mkamwini amapereka kamphatso, akuluakulu n'kulankhulapo, basi mwayamba kulonjerana. Ine ndinati sindingagule chilolezo cholankhulira m'nyumba yanga. Iwo anati mpongozi sapempha nkhuku. Tinaima pomwepo.

Choncho tinapangana popanda kupangana. Ndikabwera ku ntchito ndinkatsokomola pakhomo. Iwo akamva, ankatulukira khomo la kukhitchini kupita kuseri. Kuseriko si dimba ayi. Ndi kabwalo ka konkire, makoma a njerwa mbali zonse, mabini awiri, ndi kangalande pakona. Kumeneko ndi kumene kunasanduka kwawo. Ankakhala pakampando ka thabwa, chitenje pamwamba pa thalauzi, majuzi awiri, chikhoti chachimuna cha pakaunjika, duku mkati mwa chipewa chaubweya. Mvula, mphepo, iwo ali pomwepo ndi mbiya zawo.

Ndi miphika ya maluwa ija yadothi lofiira, koma iwo ankati mbiya, ndipo tonse tinazolowera. Ndiyo inali pakamwa pawo. Zenera la kukhitchini silinkatsekeka bwino, ndiye ndinkamva zonse.

"Inu mbiya, mwamva? Ena alowa ndi nsapato pa kapeti amene ndasesa chogwada. Kwawo kaya ankagona m'khola."

Ine magazi akawira ndinkayankhira ketulo. "Iwe ketulo, uwauze kuti kapetiyu ndi wa landilodi, si wa ku Tsangano."

"Inu mbiya, mkamwini ndi mlamba ndithu. Taonani kuterera kwa pakamwa."

Esinati ankatipeza tili choncho, wina akulalatira ketulo, wina mbiya, n'kukhala pamasitepe atagwira mutu. Tinakangana za mchere, za hita imene ankazimitsa ine ndikangochoka, za makhadi oimbira foni kumudzi amene ankathera kufunsa ngati ng'ombe yabala. Tinakangana za mmene ndinkakalipira mwana. Pa zimenezi sanagonjepo, inenso ayi.

Musaganize kuti anali woumba. Sanaumbepo ngakhale kaphale. Anali mlimi wa mbatatesi, wogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu, ndipo za mbiya za kuno anaphunzira ndi misozi.

Zinayamba ndi mwana wathu Tadala. Atabadwa, kamchombo kanauma n'kugwa. Esinati, ndi unesi wake uja, anakakulunga m'kapepala kuti akataye mubini. Amayi ake anamugwira dzanja mpaka zala zinadinda. Kwawo mchombo amaukwirira pakhomo pa nyumba, kuti mwana akhale ndi kwawo, ndipo akadzasochera m'dziko udzamuitane. Koma kuno akanaukwirira pati? Pakhomo pathu ndi msewu. Kuseri ndi konkire. Ku paki agalu amakumba. Nyumbayo ndi ya eni, mawa lomwe akhoza kutiuza kuti tisamuke. Ndiye anapita ndi Esinati ku msika uja wa Lamulungu wogulitsira kumbuyo kwa magalimoto, anagula mbiya, anathiramo dothi, anaukwirira mmenemo. Anati ukhale m'dothi lonyamulika mpaka tsiku limene adzapite nawo okha ku Tsangano. Za pulasitiki anakana. Anati dothi limasungidwa m'dothi. Anagulanso tina tating'ono, anadzalamo mpiru ndi anyezi, kuti yaikuluyo isakhale yokha.

Ine sanandiuze. Za mchombo si za amuna.

Ku Tsangano chisanu amachidziwa. Mwezi wa Juni chimawaula mbatatesi m'madimba, ndipo iwo anakula akudziwa kuti mbewu yothiriridwa bwino chisanu sichiipweteka kwambiri. Ndiye chaka choyamba chija, kukangoyamba kuzizira madzulo, ankatunga madzi n'kuthira mbiya zonse mpaka kusefukira. Ankati akuziteteza. Dothi lowotcha limamwa madzi ngati chinkhupule. Madziwo akaundana amatupa, ndipo mbiya ilibe kothawira. M'mawa wina wa Januwale tinadzuka tating'ono tonse tili mapale okhaokha. Yaikulu inali ndi mng'alu kuchokera pamlomo mpaka m'chiuno.

Analira. Osati kulira kwa munthu amene wasweketsa mbale. Kulira kwa pamaliro, manja kumutu, kuitana amayi awo amene anafa kalekale. Azungu anayamba kusuzumira m'mazenera. Ine ndinamenya tebulo.

"Kodi kwafa ndani? Mphika wa pakaunjika ndi umene tikusonkhanitsira apolisi?"

Ndi pamene Esinati anandikokera kuchipinda n'kundiuza zimene zinali m'menemo.

Sabata yomweyo Tadala anagonekedwa m'chipatala, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka, timapaipi m'mphuno. Esinati anati ndi matenda a ana a nthawi yozizira, wodi yonse yadzaza. A Nambewe sanatsutse. Anawongola waya wopachikira zovala, anamanga mbiya ija m'chiuno, anaifunditsa bulangeti lawo logona, n'kukhala nayo panja mpaka milomo inachita bii. Mwana anachira. Ine ndimati ndi madokotala, ndipo mpaka lero ndimatero. Iwo anauza mbiya kuti ena aziyamika madokotala, palibe kanthu, wayayo alibe pakamwa.

Kutayamba kufunda anasamutsira dothi lonse, osataya n'kambulumwa komwe, mu mbiya ina yaikulu, yochindikala, yofika m'mawondo. Mzungu wa nyumba yoyandikana, mdala wopuma pa ntchito ya kufakitale ya zitsulo, anawapatsira pakhoma kamtengo kaja konunkhira kamene azungu amathira mu nyama ya nkhosa. Ndi iyenso amene anawaonetsa kulakwa kwawo. Chingerezi cha apongozi chinali mawu awiri, wothokoza ndi wokana, ndipo wokanayo ndi amene ankagwira ntchito kwambiri. Mdalayo anangotenga ketulo, anayerekeza kuthira, anapukusa mutu, anakumbatira mapewa ngati wozizidwa, n'kuwomba m'manja kamodzi: phwa. Iwo anamva. Patangopita mwezi ankanena ngati nzeruyo anabadwa nayo, ndipo akanamenyana ndi aliyense wonena kuti anaiphunzira kwa mzungu.

Kuyambira pamenepo chaka chawo chinkayendera mbiya. Masamba akayamba kuyoyoka m'misewu, ankaleka kuthirira. Tating'ono ankakhuthula dothi, kutsuka, kuumitsa pafupi ndi chitofu, n'kutivundikira m'kashedi, kalikonse pakanyuzipepala kake kuti tisalumane. Yaikulu sinkalowa m'nyumba. Ankati mchombo sukhala pansi pa denga, uyenera kumva dzuwa ndi mphepo. Inkakhala pa njerwa zitatu, ngati mafuwa, kuti madzi azitulukira kubowo kwa pansi ndipo isagwirane ndi konkire. Malo ake anali potsamira khoma la khitchini, pamene kakutentha ka m'nyumba kamatulukira. Ankaizunguliza ziguduli zopempha kwa amwenye ogulitsa mpunga, pakati n'kupakiramo masamba ouma amene ankatola ku paki m'chitenje, anthu akuwayang'ana ngati wamisala. Pamwamba ankaika thabwa lobooka pakati, kamtengo katulukire, mvula isalowe. Mdala uja anawapatsa pulasitiki wa timatuza tampweya. Anathokoza, n'kuyalira mphaka wa eni amene ankabwera kudzagona kuseriko. Anati chinthu chosapuma sichingafunditse chinthu chopuma.

M'mawa uliwonse ankagogoda pamlomo pa mbiya ndi chala chopinda, khutu lili pafupi. Yamoyo imalira ngwee. Yong'aluka imangoti pho.

Ankakonda kunena kuti mbiya siphedwa ndi kuzizira kwa kunja, imaphedwa ndi madzi amene yamwa n'kusunga. Ankanena mokweza, makamaka ine ndikamamenyetsa zitseko. Ankanenanso kuti ife a kuno tasanduka miphika ya pulasitiki, yosasweka komanso yopanda fungo. Anthu ophunzira akabwera kudzacheza, ndi Chichewa chawo chodumphadumpha, ankawapatsa moni mwaulemu, akachoka n'kuuza mbiya kuti kwabwera mabigiri.

Tsopano tsiku lija.

Chinali chaka chachitatu, mwezi wa Novembala. Mvula inagwa sabata yathunthu. Anyamata amene landilodi anatuma kudzakonza mipope ya padenga anakokera mbiya pakati pa bwalo kuti aimike makwerero, n'kuisiya pomwepo, pansi, m'chithaphwi, thabwa atalitayira uko. Masana amenewo mitambo inachoka, kumwamba kunayera mbee. A Nambewe ankadziwa kuti kukayera choncho ndiye kuti chisanu chili panjira. Esinati anali ku ntchito.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinatsokomola pakhomo, ngakhale m'nyumba munali zii. Pazenera ndinawaona atagwada m'madzi, phewa lili pa mbiya, akukankha. Munthu wamkulu, wa BP, chitenje chonse chitanyowa. Mbiya osasuntha. Anapuma, anakankhanso. Kenaka anakhala pansi.

"Inu mbiya, tifera pompano. M'nyumba umu mulibe mwamuna. Muli ketulo basi."

Ndinatuluka ndi ukali, chitseko chinamenya khoma. Iwo anatembenuka msangamsanga, anandipatsa msana, nsonga ya chitenje kumaso. Ndinaikumbatira ndekha kuti ndiwaonetse. Dothi lonyowa limalemera ngati simenti, ndipo mbiyayo ilibe pogwira. Inatereka, inapendekeka, ndinaigwira ndi bondo. Ndinamva iwo akukoka mpweya.

Ndinaima, wefuwefu. "Iwe mbiya, uwauze kuti mutu umodzi susenza denga. Uwauzenso kuti munthu sanyamula katundu ndi msana wake kwa mnzake."

Ndinkangomva madzi akudontha padenga. Mpweya wathu unkatuluka ngati utsi. M'mbali mwa chithaphwi madzi anali atayamba kale kuundana.

Anatembenuka. Anatsitsa chitenje. Ananyonyomala mbali inayo ya mbiya, nkhope yawo pafupi ndi yanga ngati apa ndi apo. Zaka zitatu m'nyumba imodzi, ine osadziwa kuti diso lawo lamanzere linali ndi ng'ala, loyera ngati mkaka. Osadziwa kuti ali ndi mphini m'mbali mwa maso, ndiponso kuti chibwano chawo ndi cha Tadala chenicheni. Diso labwinolo linandiyang'ana osaphethira.

"Bambo a Tadala, gwirani pansi, osati pamlomo. Mukaigwetsa, mwana ndi wanu, si wanga."

Ndi mawu okhawo. Tinalowetsa manja pansi, zala zathu zinakumana m'matope ozizira, palibe anachotsa. Tinainyamula pang'onopang'ono, iwo chobwerera m'mbuyo, mitsempha ya m'khosi itatuluka, ine ndikumva msana ukulira. Tinaikhazika pa njerwa zake. Madzi anatuluka pansi ngati mbuzi ikukodza. Anagogoda. Ngwee.

Anaimirira, anakweza chitenje, anandipatsanso msana.

"Inu mbiya, muwauze kuti kwa mwana wa ku Ndirande, ayesetsa. Azipita, ndikufuna kufinya zovala."

Esinati atamva anati, "Ndiye gulani nkhuku ija tsopano, nkhani ithe." Ndinati nkhuku za kuno zimabwera zopanda mitu, sizingathetse mlandu. Iwonso sanapemphe. Tinabwerera kwa ketulo ndi mbiya, ndipo ndikuganiza kuti tonse awiri zinkatikomera choncho.

Chaka chatha, kumayambiriro kwa Disembala, mdala woyandikana uja atasuzumira pakhoma anawaona atagwa pakonkire, chingwe chili m'manja. Anali atamaliza kumanga ziguduli, mfundo yomaliza itamangidwa bwinobwino. Sitiroko. Ndinapita kukawaona kuwodi. Ndinatsokomola pakatani. Analibe kothawira, ndiye anayesetsa mpaka anatembenuzira mutu kukhoma. Pakamwa panali patapotoka. Patebulo panali jagi ya madzi.

"Iwe jagi," anatero movutikira, "uwauze asathire. Asathire mpaka mitengo iphuke."

"Iwe jagi, uwauze kuti ndamva."

Sanathe sabata.

Mukudziwa mmene timachitira. Pamene tinkathamanga ndi mapepala otumizira thupi kumudzi, Amalawi anabwera kuchokera ku Newcastle, ku Wakefield, ku Leeds, nyumba inadzaza. Amayi m'kati, pansi, akuimba. Abambo panja, monga mwa mwambo. Koma panja pa kuno ndi kabwalo kaja, mu Disembala. Amuna a madigiri awo, mataye ali pakhosi, akunjenjemera ngati nkhuku zonyowa, koma palibe wolowa, poti mwamuna sakhala m'nyumba ya siwa. Wina anachotsa thabwa pa mbiya kuti aikepo mbale. Ena anamasula ziguduli n'kuyala pasitepe ndi pamabini kuti matako asaume. Ine tsiku lonselo ndinali kwa okonza maliro.

Kukhitchini sinki inadzaza mapoto. Beseni losambira m'manja likazungulira, amayi ankasowa kotaya madzi. Kwathu madzi otere sataya pachabe, amathira pa mbewu. Mayi Chirwa a ku Newcastle, mkulu wa amayi a kutchalitchi, anatuluka ndi beseni, anaona kamtengo kali mbuu, dothi louma. Anathira. Anauzanso anzake kuti azithira pomwepo. Anathira tsiku lonse, beseni ndi beseni, madzi ofunda. Usiku kumwamba kunayera.

M'mawa ndinatuluka kuti ndikagogode. Panalibe chogogoda. Mbiya inali itang'ambika patatu, zidutswa zitagwera kunja ngati dzungu logwa pangolo. Dothi linangoima lokha pa njerwa, mmene inalili mbiyayo, lolimba gwa, kamtengo kali pamwamba.

Ndinalowa m'nyumba nyimbo ili pakati.

"Wathira madzi pa mbiya ndani?"

Nyimbo inaduka. Mayi Chirwa anadzutsa mutu. "Ndine, achimwene. Kamtengo ka malemu kanali kakufota, ndinamva chisoni."

"Chisoni chanucho mukanatsala nacho ku Newcastle! Anakutumani ndani? Munthu wasunga chinthu zaka zisanu, wafera pomwepo, inu tsiku limodzi ndi beseni lanu la matsukwi!"

"Aaa, bambo a Tadala, pamaliro satukwana," anatero Mayi Chirwa.

"Nanga pamaliro amaswa za malemu?"

Ndinanena zina zimene sindilemba pano. Abusa anandikoka jekete mpaka batani linaduka. Ndinamva wina akunong'ona kuti chisoni chandizunguza mutu, wina n'kuti ayi, mkamwini ameneyu sankalankhulana n'komwe ndi malemu, akungodzionetsera. Mayi Chirwa mpaka lero sandipatsa moni. Sindinapepese.

Anthu atabalalika ndinatenga hamala ndi chezulo. Esinati anaima pakhomo, maso otupa.

"Mukuvutikiranji? Kanali kanyama. Kanawola kalekale. Ndine nesi, ndikudziwa."

Ananena choncho, koma m'manja anali atatsegula kale kasokosi ka mwana. Ndinaswa dothi lija ngati mwala. M'kati munali mizu yopiringizana, timiyala, ndi kachidutswa ka waya wadzimbiri. China chilichonse panalibe. Tadala anatuluka atavala chikhoti cha agogo ake chokwekwereza pansi, anafunsa m'Chingerezi kuti tikufuna chiyani.

"Tikufunafuna kwanu," anatero mayi ake.

Mwanayo anatiyang'ana ngati tapenga, analoza chitseko cha khitchini, n'kuyankha m'Chingerezi chomwecho kuti kwawo ndi pano.

Ndinasema kambulumwa ka pakati penipeni, pamene mizu inamangana mfundo. Esinati anakaika m'chikwama cha m'manja, anaperekeza thupi, anakakwirira pakhomo pa nyumba ya amayi ake ku Tsangano. Kaya tinatumiza mchombo, kaya tinatumiza dothi la m'sitolo ya ku Middlesbrough, palibe angadziwe. Amene ankadziwa mbali imene anauika anali m'bokosi, m'mimba mwa ndege yomweyo. Lotsalalo ndinaliunjika pakona kuti ndidzaone chochita. Kutafunda linasungunuka, mvula inalitenga pang'onopang'ono kulowa nalo m'kangalande kaja.

Kuseriko tsopano kuli mbee. Njerwa zitatu zikadali potsamira khoma la khitchini, mmene tinaziikira, ndipo pakati pake konkire ndi woyera kuposa pena ponse, kozungulira ngati mwezi. Ziguduli zili pamsomali m'kashedi, zachita nkhungu. Timbiya tating'ono tikadavundikiridwa, kalikonse pakanyuzipepala kake, palibe anatitulutsa chaka chino. Kampando kanafufuma ndi mvula, mwendo umodzi unachoka. Mdala woyandikana akasuzumira pakhoma amangogwedeza mutu n'kubwerera. M'nyumba ndikhoza kukhala paliponse, kudutsa paliponse, kulowa ndi nsapato. Zenera lija landilodi anakonza, likutsekeka bwino.

Lero ndabwera ku ntchito kumwamba kutayera. Ndatsokomola pakhomo. Khomo la kukhitchini silinalire.